Madzi Saiwala Khwawa

Mukafika ku Rivirivi mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Balaka lili paliwombo, mukhoza kulumbira kuti mtsinje umenewu udafa kalekale. Malo ambiri mumangoona mchenga uli mbee, wotentha moti wopanda nsapato amauwoloka chothamanga. Amayi amafukula timaenje pamchengapo n'kukhala pansi kudikira kuti madzi abwere pang'onopang'ono, atunge ndi chikho. Ana amamenya mpira wachikulunga pakati penipeni pa mtsinje, ng'ombe zimadutsa osanyowa ziboda. Mlendo akhoza kufunsa kuti mlatho waukulu chotere adaumangiranji pamalo ouma.

Koma ife obadwira m'mbali mwa mtsinjewu timadziwa kuti mchengawo ndi mphasa chabe, mwini wake wangochokapo. Mvula ikagwa kumapiri a ku Ntcheu kumene mtsinjewu umachokera, ngakhale kwathu kuno kusadagwe dontho ndi limodzi lomwe, mumamva mkokomo usiku. Pofika m'mawa madzi ofiira adzaza tsidya ndi tsidya, atasenza mitengo, mapesi ndi mbuzi, ulendo wa ku Shire. Mu 2003 madziwa adakokolola mlatho wa njanji, sitima zopita ku Salima ndi ku Lilongwe n'kuima kwa nthawi yaitali. Agogo anga aakazi akaona munthu akulima mpaka m'kati mwa khwawa, kapena akumanga nyumba pamene madzi adadutsapo zaka zam'mbuyo, ankapukusa mutu n'kundiuza kuti, "Mdzukulu wanga, madzi saiwala khwawa."

Akuluakulu amaunena mwambiwu pawiri. Amaunena munthu akabwerera ku khalidwe lake lakale, wakuba akabanso, wachiwerewere akayambiranso, chidakwa chikagwiranso botolo. Amaunenanso munthu amene adalowerera kutali, kaya ku Joni kaya ku Halale, akatulukira pakhomo pa amayi ake imvi zili mbuu. Poyamba paja mwambiwu umaluma, pachiwiripa umatonthoza. Ine ndidakula ndikuganiza kuti imeneyi ndi miyambi iwiri yongofanana mawu, mpaka moyo wa malume anga udandiphunzitsa kuti ndi mwambi umodzi, ndipo amene waugwira mbali imodzi yokha amavulaza nawo anthu.

Malume adali mwini mbumba wathu, mchimwene wawo wa amayi anga. Nthawi imeneyo Balaka adali asanakhale boma payekha, tidali pansi pa Machinga mpaka mu 1998. Malumewo adali mlimi wa thonje ndiponso mmisiri wa matabwa. Zitseko zambiri m'mudzi mwathu zidali zopala iwo, ndipo pakagwa maliro iwo ndiwo ankachezera kukhoma bokosi osalipiritsa. Ankakhala chikamwini kutsidya kwa mtsinje, koma sabata sinkatha asanabwere kudzationa, m'thumba muli chinangwa chootcha kapena nzimbe zoduladula. Vuto lawo lidali limodzi, ndipo aliyense ankalidziwa. Thonje likagulitsidwa ku ADMARC, malume ankasowa masiku atatu kapena anayi. Ankabwerako ndalama zitatha theka, maso ali psuu, mawu ataphwa. Akazi awo akadandaula, ankhoswe ankati, "Apirireni, akakhala osamwa ndi munthu wabwino kwambiri." Mawuwo adali oona, ndipo chifukwa choti adali oona palibe adachitapo kanthu.

Tsiku la tsokalo lidali Loweruka, thonje litangogulitsidwa. Malume adali pa kachasu ndi mnzawo wapamtima, munthu amene adavinidwa naye limodzi ndipo ankaitanana kuti achimwene. Mkangano udabuka pa ngongole ya ndalama zosakwana kugula nkhuku. Wina adatchula dzina la amayi a mnzake, wina adakankha mnzake pachifuwa. Pafupi padali mpini wa khasu. Amene adaona amati zonse zidachitika m'kanthawi kosakwana kumwa chikho cha madzi. Mnzawoyo adatchinga mutu ndi mkono, mkonowo udathyoka pawiri, ndipo ngakhale adagonekedwa m'chipatala nthawi yaitali sudabwererenso mwakale. Bambo wa ana asanu adasanduka munthu wosatha kugwira khasu. Malume adadzidzimuka m'chitokosi m'mawa wa Lamulungu akufunsa apolisi kuti alakwanji. Khoti lidawalamula kukagwira ntchito yakalavulagaga kwa zaka zisanu.

Mawu amene ndidawamva kwambiri masiku amenewo ndi akuti, "Unali mowa." Amayi anga ankatero, agogo ankatero, ngakhale ena a kubanja la wovulalayo ankatero. Mawuwa ndimawamvabe mpaka lero pabwalo la mfumu, kupolisi, pamaliro a munthu wobayidwa kumowa, ndi m'nyumba zimene mkazi wadzuka diso litatupa. Muli choonadi m'mawuwa, koma mulinso pobisala. Mbiya ya kachasu siidanyamulepo mpini. Anthu ambiri amamwa n'kukagona mwamtendere, ena amaimba, ena amalira. Chimene mowa umachita ndi kugumula magombe. Mbali ya ubongo yakutsogolo kuno, imene imamuuza munthu kuti leka, ganiza za mawa, uyu ndi mnzako, ndiyo imayamba kufooka munthu akamamwa. Woledzera amaona chokhacho chili pamphuno pake: liwu lachipongwe, diso loipa, ndalama imene akumumana. Ana ake, ndende, ubwenzi wa zaka makumi atatu, zonsezo zimazimirira ngati phiri m'nkhungu. Ngati mumtima mudali kale nsanje, manyazi a umphawi kapena chakukhosi, zimasefukira pamene gombe lagumuka, ndipo zimakokolola amene ali pafupi.

N'chifukwa chake malamulo athu samvera mawu akuti unali mowa. Gawo 13 la malamulo a milandu yaupandu m'dziko muno likunenetsa kuti kuledzera si chodzitetezera pamlandu, kupatula pa zochitika zochepa monga pamene munthu wachita kumwetsedwa iye asakufuna. Amene wadzimwetsa yekha amayankha yekha. Ndipo amene amakokoloka kwambiri ndi madzi amenewa ndi a m'nyumba momwemo. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba idachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 42 mwa amayi 100 alionse amene adakwatiwapo adachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa ndi mawu, ndipo nkhanzazo zidali zochuluka kwambiri m'mabanja amene mwamuna amaledzera kawirikawiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu 2.6 miliyoni adamwalira chifukwa cha mowa, ena ndi matenda, ena pangozi, ena pandewu. Ife a ku Rivirivi tikamva ziwerengero zoterezi timaona nkhope za anthu amene tidawaika m'manda ndi manja athu.

Mowa si wachilendo pakati pathu. Makolo athu ankafulula masese pa dima, anthu akathandizana kulima munda, ankafulula pa chikumbutso cha malemu, pa chinamwali ndi pa ukwati. Koma mowa umenewo udali ndi magombe ake. Unkatenga masiku kuti upse, motero sunkapezeka tsiku lililonse. Unkamwedwa ntchito itatha. Chipanda chinkazungulira pamaso pa akuluakulu, ndipo mnyamata wosakwatira sankayerekeza kukhala pabwalo limenelo. Munthu akayamba kukweza mawu, anzake ankamugwira mkono kumuperekeza kwawo asanalakwe. Anansi athu achisilamu, amene ndi ambiri kuno, ankaphika thobwa lawo n'kusangalala nafe limodzi osalawa dontho.

Magombe amenewa tidawagumula tokha, ndipo ndalama ndiyo idatigwira dzanja. Kachasu wotchezedwa ndi madeya ndi shuga adayamba kupezeka kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, wamutu wake woti ukathira pamoto umayaka. Kenaka kudabwera masacheti, mowa waukali wa m'timapepala, wotsika mtengo moti mwana wasukulu ankaugula ndi ndalama yogulira mandasi n'kuubisa m'thumba la yunifolomu. Anyamata a kabaza pa Balaka ankautenga ngati tiyi wam'mawa. Boma lidaletsa masachetiwa mu 2015, ndipo mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yoyendetsera nkhani za mowa. Koma madzi otchingidwa apa amatulukira apo. Mowa womwewo udabweranso m'timabotolo tapulasitiki timene anthu amati midoli. Mu 2024 anthu angapo adamwalira mumzinda wa Blantyre atamwa mowa wina umene omwawo adautcha Ambuye Ntengeni. Munthu akafika pogula chakumwa cha dzina lotere ndi ndalama yake, ndiye kuti mumtima mwake muli chilonda chachikulu kuposa ludzu.

Mayi wotcheza kachasu sindingamuponye mwala. Ndikuwadziwa ambiri amene aphunzitsa ana mpaka ku sekondale ndi mbiya imeneyo, amuna atamwalira kapena atathawa, m'dera limene mvula imavuta ndipo chimanga chimapserera chisanamasule. Komabe pali zinthu zimene umphawi sungazikhululukire. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Umunthu umaletsa kuthirira munthu amene akulephera kale kuimirira, ndiponso kulandira khasu, ndowa ya chimanga kapena feteleza wa banja la eni ngati chikole cha botolo. Amene adawathirira malume botolo lomaliza tsiku lija adawaona kuti afika kale pena.

Tsopano tifike pa ndende, pakuti apa ndi pamene timadzinamiza kwambiri. Timaganiza kuti munthu akatsekeredwa zaka zisanu osalawa mowa ndiye kuti wasiya. Ndende ili ngati mchenga wa Okutobala uja: pamwamba pouma, khwawa lili pomwepo. Ndende zathu n'zodzaza mopitirira muyeso. Ya Zomba, imene idamangidwa mu 1935 kuti izisunga anthu mazana ochepa, yakhala ikusunga oposa 2,000. Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano adasumira boma, khoti lidagamula kuti kuthithikana kotereku n'kuphwanya ufulu wa anthu. Pamalo pamene anthu amagona chokhala, nsima ikudyedwa kamodzi patsiku, woyang'anira mmodzi akuyang'ana khamu la akaidi, ndani angakhale pansi ndi munthu kumufunsa chimene chinkamutengera kumowa? Mkaidi amalipira mlandu wa mpini, koma ludzu limene lidamufikitsa pa mpiniwo amatuluka nalo lili lamoyo, ndipo pamwamba pake pawonjezeka manyazi ndi mkwiyo.

Malume adatuluka atawonda, tsitsi litachita imvi. Kuchikamwini kudali kutatha, akuchikazi adanena poyera kuti sakuwafunanso, motero adabwerera kwa agogo. Ndikukumbukira bwino mmene mudzi udawalandirira. Amayi ankaitana ana awo kuti alowe m'nyumba malume akamadutsa. Dzina lawo lidaiwalika, adasanduka "akundende aja". Nkhuku ikasowa, maso onse ankaloza kwathu, chonsecho malume sadabepo ngakhale singano. Zipangizo zawo za ukalipentala zidali zitagulitsidwa pa nthawi ya mlandu. Kutchalitchi anthu ankasendera kumapeto kwa benchi. Pamaliro, pamene kale ankakhoma bokosi, palibe adawapatsa ngakhale khasu lokumbira manda. M'mudzi monsemo padali malo amodzi okha pamene anthu adaimirira, kuwagwira chanza ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mwabwera achimwene, khalani apa, loyambali ndi laulere." Malowo adali pa kachasu.

Mwezi usanathe malume adapezeka atagona m'mbali mwa njira, malaya ali fumbi lokhalokha. Ndipo anthu omwe aja adawamana moni, adawamana ganyu, adawamana mpando, ndi amene adayamba kugwedeza mitu n'kumati, "Tidanena ife, madzi saiwala khwawa." Mawuwa adandipweteka ndili mnyamata ndipo amandipwetekabe. Mwambi wa makolo udasanduka madzi osambira m'manja. Tidatseka njira zonse n'kusiya imodzi, kenaka tidadabwa kuti munthu wadzera yomweyo.

Koma alimi a m'madimba a Rivirivi amadziwa chinthu china chokhudza madzi, chimene onyozawo adachiiwala. Madzi amatsata pamene pakumbidwa. Mlimi akafuna kuti madzi afike pa bedi la tomato, amakumba ngalande n'kutseka kumene sakuwafuna. Akaona kuti chigwembe chayamba kudya munda, amakhoma zikhomo, amaunjika miyala, amabzala vetiva ndi nsenjere, ndipo mvula ikagumula amabwereranso kukakonza, chaka ndi chaka, mpaka dothi litagwirana. Palibe mlimi amene amaima pamwamba pa chigwembe n'kumatukwana madzi. Amadziwa kuti popeza madzi saiwala khwawa, ntchito yake ndi kuwakumbira lina, ndipo lizikhala lozama kuposa lakalelo. Mwambiwu makolo adausiya kuti utichenjeze tigwire khasu mvula isanagwe.

Amene adagwira khasu kwathu adali agogo. Tsiku lina m'mawa, malume ali ndi matsire, agogo adaitana amayi anga, adaitana ankhoswe akale ndi nyakwawa, n'kuyala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Sadakalipe. Adati, "Bambo, ine ndakalamba. Mukufuna kuti bokosi langa adzakhome ndani?" Malume adawerama osayankha. Agogo adapitiriza kuti, "Ndende mwagwira ya boma. Ya kwa mnzanu uja simunayambe. Munda wake wagonera zaka zonsezi, ana ake akudya maungu okhaokha. Mawa tikupita limodzi." Kenaka adatembenukira kwa nyakwawa n'kunena kuti, "Inu mfumu, mwana uyu ndi wanu. Mukamutaya, mukumutayira yani?"

Adapitadi, nkhuku ili m'manja. Malume adagwada pakhomo pa munthu amene adamupundula n'kunena kuti, "Achimwene, ndidakulakwirani. Sindinena kuti unali mowa, ndidali ine." Mnzawoyo sadawakhululukire tsiku limenelo, ndipo palibe adamukakamiza. Adangoti, "Ndamva." Koma adavomera zimene akuluakulu adagamula, kuti malume azilima munda wake kuyambira kusosa mpaka kukolola kwa zaka zitatu. Amayi anga adagulitsa mbuzi ziwiri n'kugula sowo, hamala ndi chopalira matabwa. Padakhala pangano loti ndalama iliyonse ya chitseko izilandiridwa ndi amayi, malume azingopatsidwa ya sopo ndi ya fodya, yotsalayo izipita ku sukulu ya ana awo kutsidya. Nyakwawa idapita yokha kwa otcheza kachasu onse a m'mudzimo kukawauza kuti amene adzathirire munthu ameneyu adzalipira mbuzi. Malume adasintha ngakhale njira yopitira kumsika, ankazungulira kumunda kuti asadutse pakhomo paja. Loweruka, tsiku limene ludzu linkawavuta kwambiri, mkulu wina wa mpingo ankabwera ndi bawo n'kukhala nawo mpaka dzuwa kulowa.

Ndikanena kuti kuyambira pamenepo zonse zidayenda bwino ndiye kuti ndanama. Malume adagwa kawiri, kamodzi pa Khirisimasi, kamodzi atamva kuti akazi awo akale akwatiwa. Ulendo wachiwiriwo adamwa sabata yathunthu, ndipo atasiya mwadzidzidzi adayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona zinthu zimene ife sitinkaziona. Ena adati alodzedwa. Mwamwayi tidathamangira nawo kuchipatala, kumene adatiuza kuti thupi lozolowera mowa likaumanidwa mwadzidzidzi limatha kuchita zimenezi, munthu mpaka kukomoka ngati wakhunyu kapena kufa kumene. Apa ndi pamene ndidamvetsa kuti uchidakwa ukafika pena umakhala matenda ofuna dokotala. Chithandizo chilipo ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndiponso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo poyambira pake ndi chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi. Chimene chidapulumutsa malume n'chakuti atagwa palibe adanena kuti basi zatha. Agogo ankangoti, "Gombe lagumuka, tiyeni tikonzenso."

Zimene agogo adachita ndi nzeru zawo zakubadwa, ena akuzichita mwadongosolo. Pa Balaka pomwe pano bungwe la Prison Fellowship Malawi lili ndi malo otchedwa Halfway House, kumene anthu ochokera kundende amakhala miyezi ingapo akuphunzira ukalipentala, utelala ndi ntchito zina zamanja, akulandiranso uphungu, asanabwerere kwawo. Imeneyo ndi ngalande yokumbiratu madzi asanafike. Dziko lathu lidaonanso umboni waukulu pa mlandu wa Kafantayeni. Mu 2007 khoti lalikulu lidagamula kuti n'kulakwira malamulo oyendetsera dziko kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha popanda kumva mmene zinthu zidakhalira. Kuyambira mu 2015 milandu ya akaidi amenewa idamvedwanso, ndipo oposa 100 adatulutsidwa. Othandiza pa zamalamulo adayenda m'midzi kukacheza ndi mafumu ndi abale, ndipo midzi yambiri idalandira anthu ake amene idawalira kale ngati akufa. Ngati mudzi ungalandire munthu wochokera m'chipinda cha oyembekezera kunyongedwa, tingalephere bwanji kulandira amene adamenyana kumowa?

Ngakhale kunja kwa dziko lino nzeru yake ndi yomweyi. Gulu la Alcoholics Anonymous, limene lafalikira m'maiko ambiri, lidayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America pamene zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, zidazindikira kuti zikamakhala pamodzi n'kumauzana zoona zimatha kudutsa tsiku osamwa. Ndi zomwe ankachita mkulu wa mpingo uja ndi bawo lake. Mutu umodzi susenza denga. Komanso ngalande yabwino imakumbidwa msanga. Kuyambira mu 2000 makhoti athu ali ndi mphamvu yolamula wolakwa pa mlandu waung'ono kuti agwire ntchito yothandiza dera lake akugona kwawo, m'malo mopita kundende. Mnyamata amene waswa galasi kapena watukwana anthu ataledzera, akagwidwa dzanja pamenepo ndi amalume ake, mfumu ndi achipatala, sadzafika pa mpini.

Pali chinthu chimodzi chimene sindifuna kuti wina andimve molakwa. Kukumbira wolakwa khwawa latsopano sikutanthauza kuuza wolakwiridwa kuti akhale chete. Mwambi wina umati madzi akatayika saoleka. Mkono wa bambo uja sudawongoke mpaka adalowa nawo m'manda. Akazi a malume adachita bwino kukana kubwererana nawo, pakuti adapirira zokwanira, ndipo mawu aja akuti apirireni ndi amene adalera vutoli mpaka lidakula. Mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna woledzera asauzidwe kuti banja ndi kupirira. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira mu 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Kumuneneza mwamuna wotero nthawi zina ndiko kumupulumutsa asanaphe munthu. Kusintha kwenikweni kumayamba pamene wolakwa wasiya kunamizira botolo n'kunena kuti ndidali ine, ndipo kumaoneka pamene wayamba kubweza zimene angathe kubweza, ndi thukuta lake.

Malume adakhala zaka zawo zomalizira osalawa mowa. Agogo atamwalira, bokosi lawo adakhoma ndi iwo, usiku wonse, misozi ikugwera pathabwa. Amene adawagwirira nyali adali mwana wamwamuna wa bambo wopunduka uja. M'mawa mwake mayi wina wachikulire, mmodzi mwa amene ankabisa ana malume akamadutsa, adayang'ana bokosilo n'kunena chapansipansi kuti, "Luso lija likadalipo. Madzi saiwala khwawa." Ndidadzidzimuka kumva mawu omwe aja akutuluka ndi tanthauzo lina. Pamenepo ndidazindikira kuti malume adali ndi makwawa awiri. Lina lidakumbidwa ndi kachasu. Koma lidalipo lina lakale kuposa limenelo, lokumbidwa ndi amayi awo, ndi mmisiri amene adawaphunzitsa kupala thabwa, ndi mudzi umene udawalera. Palibe munthu adabadwa botolo lili m'manja. Chidakwa chilichonse chidali mwana wa munthu, mlimi, woimba kwaya, wosewera mpira, ndipo khwawa loyambalo limangokwiririka ndi mchenga, silifa. Ntchito yathu ndi kulifukula.

Tsono inu mafumu a m'mbali mwa Rivirivi, ikani malire a nthawi yogulitsira mowa m'midzi mwanu ndipo muwatsate, ndiponso munthu akatuluka kundende muyambe ndinu kumupatsa moni pagulu. Inu amayi otcheza, mwana ndi munthu woledzera kale muziwabweza, ndalama yawo ili ndi magazi. Abusa ndi mashehe, musadikire kuti munthu ayere kaye ndiye mumupatse pokhala. Inu ankhoswe, mkazi akabwera ndi chilonda musamubweze ndi mawu akuti pirira. Ndipo inu amene muli ndi mbale amene atuluke chaka chino, musadikire kuti adzayambe waonetsa kusintha. Mukonzereni khasu, sowo kapena njinga, mupezereni munthu wokhala naye Loweruka, mumuperekeze kukapepesa kumene adalakwa, ndipo akagwa mukamudzutse. Mbale wanuyo akubwera ndithu, ndipo adzalowa pakhomo pamene patseguka. Tsegulani panu asanatsegule a kachasu.